Za patenti kapena zakale zoyesedwa? Kuyerekeza njira zochizira mtsempha wa mtima ndi dazi

Mu Mzuzu muno muli anthu awiri amene mawu akuti patenti amawapisitsa m'thumba. Woyamba ndi bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu amene chipumi chayamba kukula, tsitsi likuthawira kunkhongo, pafoni pake pakungogwa malonda a mafuta omeretsa tsitsi. Wachiwiri ndi mwana amene waperekeza kholo lake kuchipatala ku India, ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndipo dokotala wa mtima wanena kuti mtsempha watsekeka, pafunika stent (kachubu kochirikiza mtsempha m'kati), koma zilipo za mitundu ingapo, mitengo yakenso yosiyana. Onse awiri amauzidwa zofanana: ichi n'chatsopano, chili ndi patenti, ndiye musadabwe ndi mtengo.

Patenti ndi chikalata chopatsa amene watulukira chinthu mphamvu zoletsa ena kuchipanga kapena kuchigulitsa, m'maiko ambiri kwa zaka 20 kuchokera tsiku limene anapereka pempho. Kuno kwathu zimadzera ku ofesi ya boma yolembetsa mapatenti kapena ku ARIPO, bungwe la mapatenti la ku Harare limene Malawi ndi membala wake. Ounika pempholo amafuna kudziwa ngati chinthucho n'chatsopano, ngati sichinali chodziwikiratu kwa akatswiri, ndiponso ngati chingapangidwe n'kugwiritsidwa ntchito. Zoti chimachiza kuposa chakale, iwo sizikuwakhudza. Imeneyo ndi ntchito ya mabungwe oona za mankhwala, monga FDA ya ku America ndi PMRA ya kuno, ndipo nawonso nthawi zina amaona vuto chinthucho chitalowa kale m'matupi a anthu.

Mtsempha wa mtima ukachepa

Mitsempha imene imadyetsa mtima weniweniwo ndi yaing'ono, mamilimita awiri mpaka anayi m'mimba mwake. Mafuta akamaunjikana m'makoma ake, magazi amadutsa mopanikizika ndipo munthu amamva chifuwa kuthina akamakwera chitunda. Zitunda mu Mzuzu n'zosasowa, afunseni oyenda pansi a ku Masasa. Matendawa sali kutali nafe: kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo BP, shuga ndi fodya ndizo zimaononga mitsempha imeneyi.

Mu 1977, ku Zurich, Andreas Gruentzig anatsegula mtsempha wa mtima wa munthu ndi kabaluni kolowetsa kudzera m'mtsempha wina. Zinatheka, koma wodwala mmodzi mwa atatu mtsempha unkachepanso pakangopita miyezi. Apa ndi pamene panabwera stent, kachubu ka waya woluka kamene kamatsalira m'kati kuti kachirikize khoma. Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne anaziika koyamba m'mitima ya anthu mu 1986. Patenti ya Julio Palmaz inatuluka mu 1988, ndipo stent ya Palmaz-Schatz inaloledwa ku America mu 1994.

Stent yachitsulo chokhachokha ndiyo yotsika mtengo, koma thupi limaikuta ndi mnofu wochuluka moti mtsempha umachepanso mwa odwala 20 mpaka 30 pa 100 aliwonse. Madokotala ambiri anaisiya, ndiye tisataye nayo nthawi.

Imene ikulamulira lero ndi yachitsulo chopakidwa mankhwala oletsa mnofu uja kumera mopyola muyeso. Yoyamba, Cypher, inaloledwa ku America mu 2003 ndipo inatsitsa kutsekekanso kufika pansi pa odwala 10 pa 100. Zamakono zili ndi waya woonda kwambiri. Wa stent yotchedwa Xience ndi wa ma micron 81, kunenepa kwake kosasiyana kwenikweni ndi tsitsi limodzi. Stent yotereyi imakhala m'thupi moyo wonse, ndipo wodwala amamwa aspirin pamodzi ndi mankhwala ena ngati clopidogrel kwa miyezi 6 mpaka 12 kuti magazi asaundane pachitsulocho. Kwa munthu wobwerera ku Luwinga kapena ku Chibanja, mfundo iyi ndi yaikulu kuposa dzina la kampani. Kudumphitsa mapiritsiwa m'miyezi yoyambirira kungatseke stent mwadzidzidzi. Musanakwere ndege yobwerera, dziwani kumene muzikawapeza mwezi ndi mwezi.

Tsopano tione stent yosungunuka m'thupi, imene ili ndi mapatenti ambirimbiri. Ganizo lake n'lokoma ndithu. Mmisiri akathira konkire amaichirikiza ndi matabwa a ku Chikangawa, ikauma amawachotsa; palibe amasiya matabwa m'nyumba mpaka kalekale. Mtsempha nawo umafuna chochirikiza kwa miyezi yowerengeka pamene ukupola. Nanga chitsulo chikhalirenji zaka makumi atatu, n'kumalepheretsa mtsempha kutamuka, mwinanso kutsekereza dokotala wodzachita opaleshoni m'tsogolo? Ku Japan, stent ya Igaki-Tamai inaikidwa mwa anthu kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Inapangidwa ndi PLLA, pulasitiki imene thupi limaiphwanya pang'onopang'ono mpaka isanduke madzi ndi mpweya umene timatulutsa popuma. Yotchuka kwambiri inali Absorb ya kampani ya Abbott, imene inayamba kugulitsidwa ku Ulaya ndipo FDA inailola mu July 2016. Inkasungunuka m'zaka zitatu.

Vuto linali lakuti pulasitiki ilibe mphamvu za chitsulo. Kuti ichirikize khoma, timizati take tinayenera kunenepa, ma micron opitirira pang'ono 150, pafupifupi kuwirikiza kawiri ta Xience. Timizati tonenepa timasokoneza kayendedwe ka magazi, makamaka m'mitsempha yaing'ono, ndipo magazi akasokonezeka amaundana. Mwa odwala ena, stent ikayamba kusungunuka, zidutswa zake zinkagwera m'kati mwa mtsempha. Kafukufuku wa ABSORB III, wa odwala 2,008, anaonetsa zimenezi poyera. Mu March 2017 FDA inalembera madokotala kuti pakutha pa zaka ziwiri, odwala 11 pa 100 oikidwa Absorb anali atakumana ndi vuto lalikulu la mtima, pamene a Xience anali 7.9. Pofika zaka zitatu, magazi anali ataundana m'stent mwa odwala 2.3 pa 100 a Absorb, kuyerekeza ndi 0.7 a yachitsulo. Mu September 2017 kampaniyo inasiya kuigulitsa, ponena kuti malonda sankayenda. Chaka chotsatira, malangizo a bungwe la madokotala a mtima a ku Ulaya anati stent zosungunuka zisamaikidwe m'mitsempha ya mtima pokhapokha pa kafukufuku.

Ganizolo silinafe. Biotronik inatulutsa Magmaris mu 2016, ya magnesium, imene imasungunuka pafupifupi m'chaka chimodzi. Kampani ya Meril ya ku India ili ndi MeRes100, ya timizati ta ma micron 100, ndipo amene akupita ku India akhoza kuimva ikutchulidwa. Izi zikhoza kudzaposa zachitsulo tsiku lina, koma umboni wa odwala zikwizikwi otsatiridwa zaka zambiri uli kumbali ya chitsulo chopakidwa mankhwala. Ine kholo langa sindingaliike pa mzere woyesera, pokhapokha dokotala atafotokoza chifukwa chogwirika chokhudza mtsempha wa munthu ameneyo.

Kumene yosungunuka yaoneka kuti ili ndi malo ndi m'miyendo. Mu April 2024 FDA inalola Esprit BTK, ya Abbott yomweyo, pa mitsempha ya kumunsi kwa bondo. Kumeneko mpikisano wake sunali ndi stent yachitsulo koma ndi baluni yokha, ndipo inapambana. Odwala shuga amene zilonda za kuphazi sizikupola, amene akuopsezedwa kudulidwa mwendo, ndiwo nkhaniyi ikuwakhudza.

Pali msampha wina umene woperekeza wodwala ayenera kuudziwa. Stent zina monga Synergy, Orsiro ndi Ultimaster ndi zachitsulo, koma chokutira chimene chimasunga mankhwala ndicho chimasungunuka. Zimenezi n'zabwino, zili m'gulu la zoyesedwa. Ndiye mukamva kuti "iyi imasungunuka", funsani kuti chikusungunuka ndi chonse kapena chokutira chokha. Funsaninso mtengo wa stent payokha, osasakaniza ndi wa chipinda ndi wa madokotala. Mu February 2017 boma la India linaika malire a mitengo: ma rupee 7,260 pa yachitsulo chokha, 29,600 pa yopakidwa mankhwala ndi yosungunuka yomwe. Mitengoyo imasinthidwa pakapita nthawi, koma onani kuti boma limenelo silinaone chifukwa choti yosungunuka idule kuposa inzake.

Ndipo si aliyense wofunika stent. Mitsempha itatu ikatsekeka, makamaka mwa wodwala shuga, opaleshoni yolumikiza mtsempha wina kulambalala potsekeka, imene René Favaloro anaitchukitsa ku Cleveland kuyambira 1967, nthawi zambiri imatalikitsa moyo kuposa stent. Kwa amene chifuwa chimangothina akagwira ntchito yolemetsa n'kusiya akapuma, kafukufuku wa COURAGE wa 2007 ndi wina wotchedwa ISCHEMIA anapeza kuti kuika stent sikunachepetse imfa poyerekeza ndi mapiritsi omwedwa mokhulupirika: aspirin, otsitsa mafuta m'magazi, a BP, komanso kusiya fodya. Stent imachepetsa ululu, ndipo pamene mtima wagwidwa mwadzidzidzi imapulumutsa moyo. Koma banja lisagulitse munda lisanamve kwa dokotala wa pa Mzuzu Central kapena kwina kuti wodwala wawo ali m'gulu liti.

Dazi

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala otchuka kwambiri a dazi anachokera komweko ku mitsempha. Kampani ya Upjohn inapanga minoxidil kuti azitsegula mitsempha ya magazi, ndipo FDA inawalola mu 1979 ngati mapiritsi a BP yovuta, pa dzina la Loniten. Powayesa ku University of Colorado, Charles Chidsey anaona odwala akumera tsitsi ndi ubweya m'malo osayembekezeka. Dokotala wa khungu Guinter Kahn anawasungunula kukhala opaka. Kahn ndi kampani ya Upjohn anakanganirana patenti kwa zaka, mpaka mu 1986 maina a Kahn ndi Chidsey analembedwa pa chikalata chimodzi. Minoxidil wopaka, pa dzina la Rogaine, analoledwa mu 1988, ndipo mu 1996 patenti itatha makampani ena anayamba kupanga, mtengo n'kugwa. Lero botolo lotsika mtengo lochokera ku India, ngati ndi lenileni, lili ndi mankhwala omwewo.

Musanagule kanthu, dziwani kaye chimene chikuthothola tsitsi, chifukwa apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda. Dazi la kumtundu limayambira m'mbali mwa chipumi ndi paliwombo, pang'onopang'ono. Mwana wa pulayimale wokhala ndi zigamba zotuwa m'mutu ali ndi chipere, ndipo chipere cha m'mutu chimafuna mapiritsi monga griseofulvin kwa masabata angapo, zopaka zokha sizifika pamizu. Mayi amene tsitsi likuyoyoka miyezi itatu atabereka, nthawi zambiri limabwerera lokha. Kuchepa kwa magazi, matenda a chithokomiro ndi chindoko, zonsezi zimathothola tsitsi, ndipo kuchiza kwake n'kuchiza matendawo. Kwa amayi ndi atsikana athu, choyambitsa chachikulu chili ku saluni: kuluka kokoka, meshi yolemera, mankhwala owongolera tsitsi. M'mbali mwa mutu mumayamba kuyera. Mukamasula msanga limamera, mukapitiriza zaka, mizu imafa n'kusiya chipsera, ndipo pachipsera palibe mafuta a patenti ya dziko lililonse amene angameretse kanthu. Woluka akamakoka mpaka nsidze kukwera, muuzeni kuti "Asisi, masulaniko pang'ono", ngakhale anene kuti zikhalitsa.

Ngati ndi dazi la kumtundu, minoxidil wopaka ndiye poyambira. Alipo wa 2% ndi wa 5%. Amafuna miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti muone kusintha, ndipo m'masabata oyamba tsitsi limathothoka kwambiri, chimene chimachititsa ambiri kutaya botolo. Sagwira kwa onse, chifukwa khungu liyenera kuwasandutsa kaye ndipo si khungu lililonse limachita zimenezo mokwanira. Amathandiza paliwombo kuposa pachipumi. Ena amawayabwa. Ndipo mukasiya, zonse zimene zinamera zimapita m'miyezi itatu kapena inayi. Choncho werengerani mtengo wa zaka, osati wa botolo limodzi. Amphaka amafa nawo, wosunga mphaka asamale. Masiku ano madokotala ena a khungu akulemba mapiritsi a minoxidil a mlingo wochepa, koma kumbukirani kumene anachokera: angatupitse mapazi, kuthamangitsa mtima ndi kumeretsa ubweya kumaso. Wa BP kapena wa mtima asawayambe yekha.

Mapiritsi a finasteride amagwira pa gwero lenileni. Dazi la abambo limabwera chifukwa cha DHT, homoni imene thupi limapanga kuchokera ku homoni yachimuna ya testosterone, ndipo imafooketsa mizu mpaka tsitsi lisanduke ubweya. Kampani ya Merck inatulutsa finasteride mu 1992 ngati Proscar wa 5 mg wochiza kukula kwa prostate, kenaka mu 1997 ngati Propecia wa 1 mg wa dazi. Amatsitsa DHT ndi magawo awiri mwa atatu. Pa kafukufuku wa zaka ziwiri, abambo 83 pa 100 omwa mankhwalawa sanataye tsitsi lina, pamene mwa omwa mapiritsi opanda mankhwala anali 28. Poimitsa dazi amaposa minoxidil, ndipo awiriwa akaphatikizidwa ndiye amagwira bwino kwambiri. Patenti yake nayonso inatha.

Koma tinene zimene abambo amafunsana monong'ona. Pa kafukufuku yemweyo, pafupifupi 4 pa 100 anadandaula za kuchepa kwa chilakolako kapena mphamvu kuchipinda, poyerekeza ndi 2 pa 100 mwa osamwa. Ambiri zimatha akasiya, koma alipo amene anena kuti zinapitirira, ndipo mabungwe a mankhwala ku Ulaya achenjeza za kukhumudwa ndi maganizo ofuna kudzipha. Mayi woyembekezera asagwire piritsi losweka, lingavulaze mwana wamwamuna m'mimba. Komanso amatsitsa ndi theka zotsatira za PSA, kuyeza kumene kumathandiza kupeza khansa ya prostate, ndiye bambo woyezetsa auze dokotala kuti akumwa. Kwa mnyamata amene dazi langoyamba ndipo likumusowetsa mtendere, ndi njira yolimba. Kwa amene kale amavutika maganizo, ine ndingati asiye.

Mankhwala atsopano enieni, amene patenti zake zikadali zamoyo, ndi baricitinib, amene FDA inawalola mu June 2022, ndi ritlecitinib a mu June 2023. Awa si a dazi wamba. Ndi a alopecia areata, pamene chitetezo cha m'thupi chimaukira mizu ya tsitsi n'kusiya zigamba zozungulira zosalala, nthawi zina mutu wonse ndi nsidze zomwe. Pa kafukufuku wa baricitinib, wodwala mmodzi mwa atatu omwa 4 mg anabwezeretsa tsitsi pafupifupi mutu wonse m'masabata 36. N'zodula kwambiri, ndipo amafooketsa chitetezo moti papepala lake pali chenjezo la chifuwa chachikulu. M'dziko ngati lathu, lokhala ndi TB ndi HIV, chenjezo limenelo ndi lolemera kuposa momwe lilili ku London. Zigamba zing'onozing'ono zambiri zimamera zokha m'chaka, kapena ndi jekeseni wa steroid wobaya pamalopo.

Kusamutsa tsitsi ndi njira yokhayo yodzaza pamene payera kale. Norman Orentreich wa ku New York anasonyeza m'zaka za m'ma 1950 kuti mizu ya kunkhongo siopa DHT, ndipo ikadzalidwa kutsogolo imasunga khalidwe lakelo. Lero anthu amakhamukira ku Istanbul. Kwa ife pali zinthu ziwiri zimene malonda a pa Facebook satchula. Tsitsi lathu limapotana ngakhale pansi pa khungu, choncho chida chozulira chimadula mizu mosavuta ngati dokotala sanazolowere mutu wa munthu wakuda. Ndipo khungu lathu limakonda kuchita zipsera zotupa; amene anatupapo khutu ataboola ndolo aganize kawiri. Tsitsi lakale lozungulira podzalapo limapitiriza kuthothoka, ndiye mapiritsi sathawika. Onjezerani tikiti ya ndege ndi kusowa kwa ndalama zakunja.

Zipeso za laser ndi jekeseni wa madzi a m'magazi a mwini wake zimathandiza pang'ono kwa ena, pa mtengo wosagwirizana ndi phindu lake. Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi ndi kuchepetsa kuduka, zimene n'zabwino, koma sanaonetsedwe kuti amadzutsa mizu. Mafuta a rosemary ali ndi kafukufuku mmodzi wa 2015, wa anthu 100, amene anawayerekeza ndi minoxidil wofooka uja wa 2%. Ndi umboni wochepa. Za mabotolo a mumsika wa Taifa ndi a pa WhatsApp, tembenuzani muone kuseri. Ngati palembedwa patenti koma palibe dzina la mankhwala ndi mlingo wake, simukudziwa chimene mukupaka. Ngati muli minoxidil, mukanamupeza ku famase yovomerezeka pa mtengo wodziwika. Funsani wa mu famase ngati chinthucho chinalembetsedwa ku PMRA.

Yotsala ndi mpala, njira imene abambo ambiri a ku Katoto ndi Zolozolo anasankha kalekale popanda kufunsa dokotala. Ilibe zotsatira m'magazi kapena kuchipinda, ndipo mtengo wake ndi wa wometa basi. Ili ndi zake zofuna kusamala. Kumeta ndi lezala mpaka kupala khungu kumachititsa tsitsi lopotana kubwerera m'khungu, ndipo kunkhongo kumatuluka tiziphuphu touma timene tikakhalitsa timagwirizana n'kukhala chipsera chotupa chovuta kuchiza. Makina osiya tsitsi pang'ono ndi abwino kuposa lezala, wometa awapukute ndi sipiriti musanakhale pampando, ndipo tiziphuphu tikangoyamba kuoneka, lekani kumeta kunkhongo mukaonane ndi a zakhungu tisanaume.